Mafunso Anu pa Zaumoyo: Kusala Chakudya kwa Maola ndi Masewera Olimbitsa Thupi

Makalata ambiri amene afika ku gawo lino miyezi yapitayi akukhudza kadyedwe kamene kafala pakati pa anthu ogwira ntchito mumzinda wa Lilongwe, kodya pa maola owerengeka okha patsiku n'kusala maola otsalawo, uku munthu akuchitanso masewera olimbitsa thupi. Tasankhapo makalata amene akuimira mafunso a anthu ambiri, ndipo mayina a olemba tawasunga mwachinsinsi.

Funso: Ndine mayi wa zaka 38, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku City Centre. Mnzanga anandiuza kuti ndizisala maola 16 n'kumadya pa maola 8 okha, choncho ndinasiya kadzutsa ndipo ndimayamba kudya 12 koloko masana, n'kumaliza 8 koloko usiku. M'mawa uliwonse ndimayenda ndawala ndisanapite kuntchito. Vuto n'lakuti ikamakwana 10 koloko mutu umandiwawa, ndimamva chizungulire, ndipo thupi silikutsika monga ndinkayembekezera. Kodi ndikulakwitsa pati?

Yankho: Mayi, poyamba ndikuyamikireni chifukwa cha kuyenda kwa m'mawako, pakuti pa zinthu ziwiri zimene mwayambazi, kuyendako ndi kumene umboni wa ubwino wake uli wochuluka komanso wosakayikitsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, mu malangizo ake a chaka cha 2020, limati munthu wamkulu azichita masewera opepukirapo monga kuyenda ndawala kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo azichitanso zolimbitsa minofu masiku osachepera awiri. Ngati mumayenda mphindi 30 masiku asanu, mwafika kale pa mlingo umenewo, ndipo chilichonse chimene tisinthe pa kadyedwe kanu chisakhudze chizolowezi chimenechi.

Tsopano tione zimene zimachitika m'thupi munthu akasala. Mukadya nsima, mpunga kapena mbatata, thupi limasandutsa chakudyacho kukhala shuga wa m'magazi, ndipo wina limamusunga m'chiwindi, pafupifupi magalamu 100, kuti lizitapapo pamene simukudya. Pakadutsa maola 12 kapena kuposerapo osadya, nkhokwe ya m'chiwindiyo imayamba kuchepa, ndipo thupi limayamba kudalira kwambiri mafuta amene linasunga. Kusintha kumeneku ndi kumene akatswiri awiri, Rafael de Cabo ndi Mark Mattson, anafotokoza mu 2019 m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine, ndipo nkhani yawoyo inathandiza kwambiri kutchukitsa kadyedwe kameneka. Thupi limene lazolowera tiyi wa shuga ndi buledi 7 koloko m'mawa silisintha tsiku limodzi, n'chifukwa chake masabata oyambirira anthu ambiri amadandaula mutu, kukwiya msanga ndi kufooka.

Koma pali mfundo imene anzanu ambiri sakuuzani. Mu 2022, magazini yomweyo inafalitsa kafukufuku wa mumzinda wa Guangzhou ku China, amene anatsatira anthu onenepa 139 kwa chaka chathunthu. Onse anachepetsa chakudya mofanana, koma gulu limodzi linkadya kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo basi, pamene linalo linkadya nthawi iliyonse. Pakutha pa chakacho, oyambawo anatsika ndi makilogalamu pafupifupi 8, enawo ndi makilogalamu oposa 6 pang'ono, ndipo ofufuzawo anapeza kuti kusiyanako sikunali kokwanira kunena kuti njira imodzi yaposa inzake. Tanthauzo lake n'lakuti chimene chimatsitsa thupi makamaka ndi kuchuluka kwa chakudya chonse cha tsikulo, ndipo kusalako kumathandiza pokhapokha ngati kukuchititsani kudya mochepa. Munthu amene wapirira njala mpaka masana kenaka n'kugula tchipisi cha pachiwaya ndi chakumwa cha shuga, madzulo mandasi, usiku mitanda inayi ya nsima, wabweza zonse zimene anasala, ndipo nthawi zina wawonjezera.

Ine ndikuona kuti mwayamba ndi mlingo waukulu msanga. Bwererani pa maola 12, mwachitsanzo kudya mgonero 7 koloko usiku n'kudzadya kadzutsa 7 koloko m'mawa, ndipo pakatha masabata awiri mukumva bwino, onjezerani kufika pa maola 14. Palibe lamulo lakuti aliyense afike pa maola 16. Komanso popeza mumayenda m'mawa n'kukagwira ntchito yofuna kuganiza, kungakhale bwino kuti maola anu odyera muwakokere kum'mawa, muzidya kadzutsa mukangobwera koyenda n'kumadya mgonero dzuwa likangolowa, m'malo mosiya kadzutsa n'kumadya kwambiri pafupi ndi nthawi yogona. Ndikudziwa kuti m'mabanja mwathu mgonero ndi nthawi imene onse amakumana, ndipo amene amachokera ku City Centre kupita ku Area 25 pa minibasi amafika kutada, choncho ngati simungathe kusuntha nthawi ya mgonero, chepetsani mtanda umodzi n'kuchulutsa ndiwo zamasamba. Imwani madzi musananyamuke kokayenda ndiponso mukabwerako, chifukwa mutu wa 10 kolokowo kawirikawiri umakhala wa ludzu kapena wa kusowa tiyi amene munazolowera. Ngati chizungulire chipitirira ngakhale mutasintha zimenezi, pitani kuchipatala akakuyezeni kuchuluka kwa magazi, shuga ndi BP, pakuti kuchepa kwa magazi n'kofala kwambiri mwa amayi a msinkhu wanu, ndipo kusala kungakulitse vuto limene linalipo kale.

Funso: Kodi tiyi, khofi kapena thobwa zimaononga kusala? Ndine bambo wa ku Area 49.

Yankho: Bambo, madzi, tiyi wopanda shuga ndi mkaka, ndi khofi wakuda wopanda kanthu sizisokoneza. Mukangothira shuga kapena mkaka, mwadya. Thobwa ndi maheu ndi chakudya chenicheni chifukwa zimachokera ku ufa ndipo nthawi zambiri zimathiridwa shuga, choncho zisungeni kuti muzimwa pa maola anu odyera. Samalaninso ndi khofi wambiri m'mimba mopanda kanthu, chifukwa ena amawachititsa chilungulira ndi kugunda kwa mtima.

Funso: Ndine mnyamata wa zaka 27 wa ku Kawale. Ndimathamanga m'mawa kwambiri ndisanadye, ndipo madzulo ndimanyamula zitsulo. Anzanga ku jimu amati kuthamanga ndi njala kumawotcha mafuta ambiri. Kodi n'zoona? Ndikuopanso kuti kusala kungandiphwetse minofu.

Yankho: Achimwene, anzanuwo akunena zoona mbali imodzi yokha. Mukathamanga musanadye, thupi limagwiritsadi ntchito mafuta ochulukirapo pa nthawi yothamangayo, koma pambuyo pake, mukadya, limabwezera mwa kugwiritsa ntchito kwambiri shuga wa m'chakudyacho, ndipo akatswiri akayerekeza anthu odya mofanana kwa masabata angapo, sapeza kusiyana kwenikweni pa mafuta amene atsika pakati pa othamanga ndi njala ndi othamanga atadya. Choncho sankhani zimene thupi lanu likugwirizana nazo. Kuthamanga pang'onopang'ono kwa mphindi 30 kapena 40 munthu wathanzi angathe kuchita bwinobwino asanadye. Koma mtunda wautali wopitirira ola limodzi, kuthamanga kwa liwiro kokwera zitunda, kapena mpira wa mphindi 90, zimafuna kuti mukhale mutadya kanthu, ngakhale nthochi ziwiri kapena mbatata yophika, apo ayi mudzatopa msanga ndipo masewerowo adzakhala opanda phindu lokwanira.

Mantha anu a minofu ndi oyenera. Kafukufuku wina wa ku America amene anafalitsidwa mu 2020 m'magazini ya JAMA Internal Medicine anatsatira anthu 116 kwa masabata 12, ndipo anapeza kuti odya kuyambira 12 koloko masana mpaka 8 koloko usiku anatsika pang'ono chabe, komanso mwa amene anawayeza mosamala, gawo lalikulu la zimene zinatsikazo silinali mafuta koma mnofu. Si kafukufuku aliyense amene wapeza zofanana ndi zimenezi, koma chenjezo lake ndi lomveka: sikelo ikatsika, sizitanthauza kuti mafuta okha ndi amene achoka. Zinthu ziwiri zimateteza minofu, ndipo chimodzi mukuchichita kale, chomwe ndi kunyamula zitsulo. Chachiwiri ndi zakudya zomanga thupi zokwanira. Munthu wofuna kukulitsa minofu amafunika pafupifupi magalamu 1.6 a zomanga thupizi, zotchedwa mapuloteni, pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, kutanthauza kuti wolemera makilogalamu 70 amafunika magalamu oposa 100 pang'ono. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6 okha, choncho mukuona kuti mlingo umenewu sungakwane pa chakudya chimodzi, ndipo ichi n'chifukwa chake sindilimbikitsa wonyamula zitsulo kudya kamodzi patsiku.

Simukufunika ufa wodula wa m'zitini umene umagulitsidwa m'masitolo akuluakulu. Usipa, matemba, bonya, mazira, nyemba, khobwe, nandolo, soya, mtedza, chiponde ndi chambiko zili ndi zomanga thupi zambiri, ndipo zonse zimapezeka pa msika wa ku Kawale konko kapena ku Mchesi. Gawani zimenezi pa zakudya zitatu mkati mwa maola anu odyera, ndipo konzani kuti nthawi yonyamula zitsulo igwere mkati mwa maolawo, kuti mukamaliza muzidya pasanapite nthawi yaitali. Kugona kokwanira, maola 7 kapena kuposerapo, n'kofunikanso, chifukwa mnyamata wodzuka 4 koloko m'mawa kukathamanga atagona pakati pa usiku amafooka ngakhale atadya bwino chotani.

Funso: Ndili ndi matenda a shuga ndipo ndimamwa glibenclamide ndi metformin. Mwana wanga wanditumizira uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti kusala kumachiza shuga mpaka munthu kusiya mankhwala. Ndine bambo wa zaka 59 wa ku Likuni. Ndiyambe?

Yankho: Bambo, musayambe musanaonane ndi dokotala amene amakuonani, ndipo musasiye mankhwala chifukwa cha uthenga wa pa foni. Ndikulankhula motsindika chifukwa apa pali moyo. Glibenclamide amakakamiza thupi kutulutsa insulin, imene imatsitsa shuga wa m'magazi, kaya mwadya kaya simunadye, choncho mukamwa m'mawa n'kusala, kenaka n'kuyenda mtunda, shuga angathe kutsika kwambiri mpaka munthu kukomoka. Chimodzimodzinso amene amabaya jakisoni wa insulin. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzaoneni, kugunda kwa mtima, kusaona bwino ndi kusokonezeka mutu, ndipo pa makina oyezera, shuga wotsika kuposa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL pa makina ena, ndi woopsa. Zikatero, sungunulani masipuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi n'kumwa nthawi yomweyo, dikirani mphindi 15, yezaninso, kenaka idyani chakudya chenicheni. Anthu a pakhomo panu adziwe zimenezi, ndipo adziwenso kuti munthu wokomoka sathiridwa chakumwa m'kamwa koma amathamangira naye kuchipatala.

Mwana wanuyo sakukufunirani zoipa, ndipo uthengawo uli ndi kachoonadi kena. Anthu ena a matenda a shuga a mtundu wachiwiri, makamaka amene awapeza nawo posachedwa, akatsitsa thupi kwambiri shuga wawo amabwerera m'malo mwake kwa nthawi ndithu. Koma chimene chimathandiza ndi kutsika kwa thupiko, ndipo zimachitika dokotala akuyang'anira n'kumasintha mlingo wa mankhwala. Mukapita ku kiliniki yanu ya shuga, kaya ku Kamuzu Central Hospital kaya kuchipatala cha kufupi ndi kwanu, kafotokozeni zimene mukufuna kuchita. Pakadali pano pali zimene mungayambe lero popanda ngozi: kuyenda mphindi 10 kapena 15 mukangomaliza kudya kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri, nsima ya mgaiwa yocheperako ndi masamba ambiri imaposa mulu wa nsima ya ufa woyera, ndipo zakumwa za shuga muzisunge pothana ndi kutsika kwa shuga kokha. Ngati mumamwanso mankhwala a BP okodzetsa monga HCTZ, kanenenso zimenezo, chifukwa amachotsa madzi m'thupi, ndipo akaphatikizana ndi kusala ndi thukuta, munthu amachita chizungulire akaimirira.

Mayankho amenewa akukhudza anthu ambiri kuposa mmene tingaganizire. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Choncho aliyense amene wapitirira zaka 40 ndipo akufuna kuyamba kusala pamodzi ndi masewera amphamvu, ayambe wayezetsa BP ndi shuga.

Funso: Ndamva kuti kusala kumatsuka thupi n'kupha maselo oipa, ndipo munthu wina analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha zimenezi. Ndine mphunzitsi wa ku Area 18.

Yankho: Aphunzitsi, mphotoyo ilipodi. Yoshinori Ohsumi wa ku Japan analandira mphoto ya Nobel mu 2016 chifukwa chofotokoza mmene selo limaphwanyira zinthu zake zakutha n'kuzigwiritsanso ntchito. Koma ntchito yakeyo anaichita makamaka pa yisiti, osati pa anthu osala chakudya, ndipo zambiri zimene zimanenedwa zakuti kusala kumatalikitsa moyo zinachokera ku kafukufuku wa pa mbewa ndi makoswe. Amene akukuuzani ola lenileni limene thupi lanu limayamba kudzitsuka, kapena kuti kusala kumachiza khansa, akunena zoposa zimene sayansi yatsimikiza. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi imagwiridwa ndi chiwindi ndi impso usana ndi usiku, kaya mwadya kaya ayi.

Funso: Ndikuyamwitsa mwana wa miyezi isanu ndipo ndikufuna thupi langa libwerere mwakale. Komanso mng'ono wanga wa zaka 16, amene ndimakhala naye, wayamba kukana kadzutsa ndi nkhomaliro, akuti akusala kuti awonde. Ndine mayi wa ku Chinsapo.

Yankho: Mayi, kwa inu yankho ndi lakuti dikirani. Mwana wosakwana miyezi 6 amadalira bere lokha, ndipo thupi lanu likufunika chakudya ndi madzi ochulukirapo kuposa masiku onse. Yendani, chitani masewera opepuka, chepetsani zokazinga ndi zakumwa za shuga, koma musadumphe chakudya, ndipo tsiku lililonse yesetsani kupeza magulu onse 6 a zakudya amene a zaumoyo amaphunzitsa ku sikelo: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Amayi oyembekezera nawonso kadyedwe kameneka sikawayenera.

Nkhani ya mng'ono wanuyo ndi imene yandidetsa nkhawa kwambiri. Mtsikana wa zaka 16 akukulabe, mafupa ake akukhwima, amataya magazi mwezi ndi mwezi, ndipo akufunika mphamvu zophunzirira, choncho kusala kotere si kwa iye. Chachiwiri, kukana chakudya chifukwa choopa kunenepa nthawi zina kumakhala chiyambi cha matenda enieni a maganizo okhudza kadyedwe, amene ambiri timaganiza kuti ndi a kunja kokha pamene kwathu kuno aliko. Muonetsetse ngati akuwonda msanga, ngati akubisa kapena kutaya chakudya, ngati amapita kukasanza akangodya, ngati akudziyeza pa sikelo kawirikawiri, kapena ngati wasiya kusamba kumwezi. Musamukalipire kapena kumuseka pagulu, ndipo a pabanja asiye kunena za thupi lake, kaya momuyamikira kaya momunyoza. Khalani naye pansi awiriwiri, mumufunse chimene chinayambitsa, chifukwa kawirikawiri pamakhala mawu amene wina anamunena kusukulu kapena zithunzi zimene amaona pa Facebook ndi TikTok. Mukaona chimodzi mwa zizindikiro zimenezi, pitani naye kuchipatala osazengereza.

Funso: Ndili ndi zilonda za m'mimba. Kodi kusala kungazikulitse? Ndine mayi wa ku Biwi.

Yankho: Mayi, njala payokha siyambitsa zilonda za m'mimba. Zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia analandirira mphoto ya Nobel mu 2005 atakatulukira, kapena ndi kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga ibuprofen, diclofenac ndi aspirin. Komabe kwa munthu amene zilondazo ali nazo kale, kukhala nthawi yaitali m'mimba muli mopanda kanthu kumawonjezera ululu. Yambani mwalandira chithandizo chokwanira, pakuti kachilomboka kamaphedwa ndi mankhwala, ndipo za kusala mudzaziganizire mutachira. Mukaona chimbudzi chakuda bii kapena mukasanza magazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Funso: Kumpingo kwathu timasala osadya osamwa kuyambira m'mawa mpaka 6 koloko madzulo kwa masiku angapo. Ndimakonda kuthamanga chakumasana cha ku Bingu National Stadium, ndipo ndimamwanso ma ARV. Kodi ndipitirize kuthamanga pa masiku osalawo?

Yankho: Kusala kwa pemphero, kaya kwa kumpingo kaya kwa abale athu achisilamu m'mwezi wa Ramadan, kuli ndi cholinga chake chimene ndimachilemekeza, koma kumasiyana ndi kusala kumene takhala tikukambirana pa mfundo imodzi yaikulu, yomwe ndi madzi. Kuthamanga masana musanamwe kanthu, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene Lilongwe amatentha kupitirira madigiri 30, kumaika impso ndi mtima pa chiopsezo. Pa masiku amenewo sinthani nthawi: yendani pang'onopang'ono kutatsala mphindi zochepa kuti mumasule, kapena thamangani pakadutsa ola limodzi kapena awiri mutamasula ndi kumwa madzi okwanira, posankha malo owala ndiponso muli ndi anzanu ngati kwada. Mkodzo wa chikasu chakuda ndi chizindikiro chakuti madzi achepa m'thupi, ndipo mukamva chizungulire, kusokonezeka kapena kupweteka pachifuwa, imani, khalani pamthunzi, ndipo mumwe madzi.

Za ma ARV, chofunika koposa ndi kusadumphitsa ngakhale tsiku limodzi. Mankhwala amene ambiri akulandira m'dziko muno kuyambira 2019, okhala ndi dolutegravir, amamwedwa kamodzi patsiku ndipo angamwedwe munthu atadya kapena asanadye, choncho n'zotheka kugwirizanitsa nthawi yomwera ndi kusala kwanu, koma kusuntha nthawiyo mukambirane ndi a kuchipatala kumene mumalandirira, osati mwa nokha. Anthu ena amanenepa atayamba mankhwala amenewa, ndipo zikatero njira yake ndi kadyedwe kabwino ndi masewera, osati kusiya mankhwala. Mukadwala malungo pa masiku osalawo, masulani, chifukwa LA amamwedwa kawiri patsiku kwa masiku atatu ndipo amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Kuthamangako mudzayambirenso mutamaliza mankhwala onse ndipo mphamvu zitabwerera.